Kulumikiza njanji za timasitima za makampani osiyanasiyana: Hornby, Peco, Märklin ndi zinzake

Njanji za timasitima toseweretsa ta masikelo a HO ndi OO zonse zili ndi mpata wa 16.5 mm pakati pa zitsulo zake ziwiri, kaya ndi za Hornby, Peco, Roco, Piko, Fleischmann, Atlas, Kato kapena Märklin. Ndiye munthu akapeza bokosi la njanji zakale zosakanikirana, zonga zimene zimagulidwa pa kaunjika wa zoseweretsa ku Britain kapena ku South Africa, amayesa kuti zonse zilowana. Zina zimalowanadi bwinobwino. Zina zimafuna tupa ndi chowotcherera. Zinanso sizingayendetse sitima imodzi ngakhale mutazilumikiza mwaluso chotani. Mpata wa zitsulo ndi chimodzi chabe mwa zinthu zoyenera kugwirizana: palinso kayendedwe ka magetsi, msinkhu wa chitsulo, mawilo, ndi kakhotedwe ka njanji. Magetsi ndiwo oyamba kuwaona, chifukwa zinazo zimakonzeka ndi manja madzulo amodzi, pamene magetsi akasiyana mumayenera kusintha sitima zenizenizo.

Sankhulani mulu musanalumikize kanthu

Yalani njanji zonse patebulo, mukhale ndi maginito, vernier (choyezera kukula kwa zinthu zing'onozing'ono) ndi multimeter (choyezera magetsi). Tembenuzani chidutswa chilichonse, poti makampani ambiri amalemba dzina ndi nambala kunsi kwa mitanda, timatabwa tapulasitiki togwira zitsulo tija. Kenako yang'anani pakati pa zitsulo ziwirizo. Mukaona timitu tachitsulo tatuluka pa mitanda motsatizana, imeneyo ndi Märklin, iikeni payokha. Mukaona chitsulo chachitatu chathunthu chagona pakati, pa tsinde lamalata, ndi Hornby Dublo kapena Märklin yakale kwambiri, ndipo nayonso ikhale pambali.

Zotsalazo zigunditseni maginito. Akamata, chitsulocho ndi steel. Akapanda kumata ndi nickel silver, kapena brass ngati chili chachikasu. Steel imalumikizika ndi nickel silver popanda vuto, koma nyengo ya mvula imachita dzimbiri, imavuta kuwotcherera, ndipo mukaikwecha ndi sandpaper mumachotsa kokutira kake n'kuiwonjezera dzimbiri. Malo ake ndi panjanji zoimikapo mabogi, osati pamzere waukulu. Amene amaisungabe dala ndi eni mainjini akale a Tri-ang okhala ndi Magnadhesion, maginito amene amakokera mawilo pachitsulo kuti injini isatelere. Pa nickel silver maginito amenewo alibe ntchito.

Pomaliza yezani msinkhu wa chitsulo chokha, kuchokera kunsi kwa phazi lake kufika pamwamba, kunsonga kumene kulibe mtanda. Lembani nambalayo pa katepi n'kumata pa mulu uliwonse.

Zitsulo ziwiri kapena timitu tapakati

Pa njanji za Hornby, Peco, Roco, Piko, Trix ndi zambiri, magetsi amapita ndi chitsulo chimodzi n'kubwerera ndi chinzake. N'chifukwa chake mawilo a mbali ziwiri amalekanitsidwa ndi kapulasitiki pa ekiselo. Märklin ili ndi njira yake: magetsi amapita ndi timitu tapakati tija, injini imawatola ndi kachitsulo kotsetsereka kamene kali kumimba kwake, ndipo amabwerera ndi zitsulo zonse ziwiri zakunja, zimene pa njanji zambiri za Märklin zinalumikizidwa kale kufakitale. Ikani multimeter poyezera kulumikizana, gundani chitsulo chakumanzere ndi chakumanja: ikalira mosalekeza, njanjiyo ndi ya mtundu wa Märklin.

Mukalumikiza chidutswa chimodzi chokha chotere cha Märklin mumzere wa zitsulo ziwiri, mzere wonse umachita shoti. Bogi limodzi la Märklin limachitanso zomwezo, chifukwa mawilo ake ndi ekiselo ndi chitsulo chimodzi. Kuika injini ya zitsulo ziwiri pa magetsi a Märklin n'koopsa kwambiri. Thiransifoma ya Märklin yosakhala ya digito imatulutsa AC yofika 16 V, ndipo pofuna kubweza injini m'mbuyo imaponya kwa kanthawi kochepa magetsi a pafupifupi 24 V. Mota ya 12 V DC ikalandira AC imangonjenjemera pamalo amodzi n'kutentha, ndipo decoder (kachipangizo ka m'injini kolandira malamulo a digito) yosapangidwira AC ikhoza kupsa ndi kuponya kumodzi. Mathiransifoma akale abuluu anapangidwira magetsi a 220 V. Pa 230 V amene ali m'nyumba za ku Malawi ndi ku Zambia amaponya mopitirira, choncho musayendetsere injini yokhala ndi decoder. Zoyendetsera za m'mapaketi a ku America nazonso muziwerenge kaye, zambiri ndi za 120 V.

Mabogi ndiwo osavuta kusamutsa. Kuti bogi la Märklin liyende pa zitsulo ziwiri, tanyulani pang'ono mbali za chogwirira mawilo, tulutsani ekiselo, yezani kutalika kwake kuchokera nsonga kufika nsonga ndi kukula kwa wilo, mugule ena olekanitsidwa a miyeso yomweyo. Pa mabogi ambiri a Märklin, mawilo a E700150 amalowedwa m'malo ndi a E700580. Ngati chogwirira mawilo chili chachitsulo ndipo mawilo atsopanowo analekanitsidwa mbali imodzi yokha, onetsetsani kuti tipulasitiki tonse taloza mbali imodzi. Ekiselo imodzi ikatembenuka, magetsi amadutsa m'chogwiriracho n'kuchita shoti imene imavuta kuipeza, poti ndi maso zonse zimaoneka zabwino. Bogi la magetsi owala mkati lichotseni kachitsulo kotsetsereka.

Bogi la zitsulo ziwiri likaikidwa pa Märklin limayenda osachita shoti, koma zigawo zodziwitsa kuti sitima yafika sizilimva, chifukwa zimadalira ekiselo kulumikiza zitsulo ziwiri zakunja.

Mainjini ndi nkhani ina. Kusandutsa injini ya zitsulo ziwiri kuti iyende pa Märklin n'kotheka ngati kumimba kwake kuli malo: mumangirira kachitsulo kotsetsereka, mawaya ochokera ku mawilo a mbali zonse mumawaphatikiza kukhala obwezera, n'kuika decoder yodziwa chilankhulo cha choyendetsera chanu cha digito, kaya ndi DCC, Motorola kapena mfx. Kuchokera ku Märklin kupita ku zitsulo ziwiri n'kovuta zedi, chifukwa thupi lonse lachitsulo la injiniyo ndilo njira yobwezera magetsi, ndipo mawilo onse a mbali imodzi ayenera kuzulidwa n'kuikidwa tipulasitiki popanda kusokoneza ndodo zoyendetsa mawilo. Kawirikawiri n'kwanzeru kugulitsa injiniyo n'kufuna inzake ya Trix. Märklin inatenga kampani ya Trix mu 1997, ndipo mainjini ambiri amatuluka m'mitundu yonse iwiri.

Amene ali ndi sitima za Märklin koma akufuna maonekedwe a njanji za Peco ali ndi njira: Peco imagulitsa timizere ta timitu, SL-17 ya panjanji wamba ndi SL-18 ya pamapoyinti (pamene njanji imapatuka kukhala ziwiri), zoika pansi pa njanji za code 100, za chitsulo cha msinkhu wa 2.54 mm. Zitsulo ziwiri zakunja mumazilumikiza ndi waya. Povuta ndi pamapoyinti, pamene timitu tiyenera kukwera pang'onopang'ono kuti kachitsulo kotsetsereka kadumphe chitsulo chopingasa osachikhudza.

Msinkhu wa chitsulo

Nambala ya code imatchula msinkhu wa chitsulo m'magawo 1,000 a inchi. Code 100 ndi 2.54 mm, code 83 ndi 2.11 mm, code 75 ndi 1.9 mm. Hornby, Peco Setrack, Piko A, Fleischmann Profi ndi Bachmann E-Z Track ndi code 100. Roco Line, geoLine, Tillig Elite, Trix C ndi Kato Unitrack ya HO ndi code 83. Peco Streamline imapezeka m'ma code onse atatu, Atlas mu 100 ndi 83.

Wilo limakhudza malo awiri okha: pamwamba pa chitsulo ndi nkhope yake yamkati. Malo awiriwa akalingana polumikizira, zina zonse zikhoza kusiyana. Phazi la chitsulo, mitanda, ngakhale nkhope yakunja, sitima sizidziwa.

Njanji za code yofanana zimangofuna cholumikizira wamba, kachitsulo kolowetsa kuphazi kamene m'masitolo amati rail joiner kapena fishplate. Hornby, Peco Setrack ndi Peco Streamline code 100 zimalowana ndi R910 ya Hornby kapena SL-10 ya Peco. Komabe mapazi a zitsulo za makampani osiyana salingana m'lifupi ndendende. Gwiritsani ntchito cholumikizira cha njanji ya phazi lalikulu, ndipo mbali imene chikugwedera muchifinye pang'ono ndi pulayala. Cholumikizira chogwedera ndicho chimachititsa kuti injini iziima pamalo amodzimodzi masiku ena, masiku ena ayi. Mupezanso kuti makampani ena amaika cholumikizira chakufakitale pa chitsulo chakumanja, ena chakumanzere, ndiye ziwiri zimakumana mbali imodzi pamene mbali ina palibe. Zulani chimodzi ndi pulayala, mutagwira chitsulocho kuti chisasololoke m'mitanda.

Ma code akasiyana, njira yachidule ndiyo kugula chidutswa chosinthira. Peco SL-113 imalumikiza code 100 ndi code 75, ndipo Atlas ili ndi zolumikizira nambala 551 za code 100 ndi 83. Zikasowa, kapena kudikira phukusi kukatalika, pangani nokha. Kusiyana kwa code 100 ndi 83 ndi 0.43 mm, kwa 100 ndi 75 ndi 0.63 mm, ndipo mpata umenewu ndi umene mukufuna kudzaza pansi pa chitsulo chachifupicho.

1. Dulani nsonga zonse mowongoka ndi chodulira njanji monga Xuron kapena kasowo ka mano ang'onoang'ono. Xuron imasiya mbali imodzi yosalala, ina yophwanyika. Yosalalayo iloze ku chidutswa chimene mukusunga. Palani zotsalira ndi tupa yosalala, makamaka kunsi kwa phazi.
2. Chotsani mtanda umodzi kapena iwiri kunsonga iliyonse podula kapulasitiki kapansi kolumikiza mitanda. Isungeni.
3. Lowetsani cholumikizira cha code 100 theka lokha pa chitsulo cha code 100. Theka lotulukalo liphwatalaleni ndi pulayala mpaka likhale kampando.
4. Khazikani chitsulo chachifupi pa kampandoko, mugoneke rula yachitsulo pamwamba pa zonse ziwiri. Pa code 83 nthawi zambiri zimalingana kapena kutsala pang'ono. Pa code 75 mungafunike kuyalapo kachidutswa kopyapyala ka brass. Chikakwera mopitirira, palani kampandoko, osati mutu wa chitsulo.
5. Linganizani nkhope zamkati. Mitu ya zitsulozi ndi yosiyana m'lifupi, ndiye kunja kuoneka kachitepe, kasiyeni. Yezani ndi vernier kuti mpata ukadali 16.5 mm.
6. Ikani tishu wonyowa pazitsulo mbali zonse ziwiri kuti mitanda isasungunuke. Pakani flux (mankhwala othandiza kuti powotcherera pagwire) yopanda asidi, wotchererani kuchokera kunja ndi chowotcherera cha 25 W mpaka 40 W chimene chatentha mokwanira. Masekondi awiri kapena atatu akwana. Chowotcherera chofunda chabe ndicho chimasungunula mitanda, chifukwa mumachigwiritsa nthawi yaitali.
7. Yendetsani chikhadabo pamwamba ndi mkati. Chikakodwa, palani pang'ono motsata kutalika kwa chitsulo. Pukutani flux ndi spirit.
8. Mitanda munasunga ija isengeni timano togwira chitsulo, muilowetse pansi n'kuimata. Mukaibweza ndi timano take imatukula polumikizirapo n'kupanga kachulu.

Ntchito siinathe, chifukwa njanji ya chitsulo chachifupi tsopano ikulendewera m'mwamba pafupi ndi polumikizira. Yalani pansi pa mitanda yake timapepala tolimba kapena plasticard (pulasitiki yonga pepala lolimba) yopyapyala, zambiri pafupi ndi polumikizira, n'kumachepetsa mpaka zithe pa mtunda wa 150 mm kapena kuposa. Mukapanda kutero, tsiku limene mudzakhomere msomali kapena kutsamira pamenepo njanjiyo idzapindika.

Malo osinthira code akhale powongoka, ndipo atalikirane ndi poyinti kapena chiyambi cha khota ndi mtunda wa bogi lanu lalitali koposa, pafupifupi 300 mm pa OO. Musawotcherere malo onse olumikizira motsatizana. Njanji yopindika ya Peco ndi yotalika 914 mm, ndipo kutentha kukakwera ndi 20°C imakula ndi pafupifupi 0.3 mm. M'chipinda cha denga lamalata mwezi wa October zimenezi n'zatsiku ndi tsiku. Siyani kampata ka 0.5 mm pa cholumikizira chotsatira chosawotcherera, apo ayi njanji idzafuna yokha kokhotera.

Njanji zobwera ndi tsinde lake lapulasitiki looneka ngati miyala, monga Kato, E-Z Track, geoLine ndi Trix C, zimagwirana ndi tingowe ta kampani yake yokha. Pofuna kuzilumikiza ndi njanji wamba, chotsani kapena dulani kangoweko kunsonga imodzi, seperani pulasitiki pansi pa chitsulo kuti cholumikizira wamba chilowe, ndiye njanji wambayo muikweze ndi cork kapena thabwa lopyapyala mpaka mitu ilingane. Yezani msinkhu wonse wa njanji ziwirizo zili patebulo, kusiyana kwake ndiko kukhuthala kwa choyalacho.

Mawilo akale pa njanji zatsopano

Anthu ambiri amasamukira ku code 75 chifukwa imaoneka ngati njanji yeniyeni, kenako n'kudabwa kuti mabogi akale a Tri-ang ndi Lima akulira kokoko ngati ngolo pamsewu wamiyala. Choyambitsa ndi mlomo wa wilo, mkombero wamkati umene umaletsa wilo kuchoka pachitsulo. Muyeso wa ku America wa RP-25 umaupatsa kuya kwa pafupifupi 0.6 mm mpaka 0.7 mm, wa ku Ulaya wa NEM umalola mpaka 1.2 mm, ndipo mawilo akale ndi a Märklin amapitirira apo. Pa chitsulo chachifupi mlomo wautali umagunda timano togwira chitsulo, wilo limatukuka, injini imataya magetsi. Musanagule njanji zambiri, gulani chidutswa chimodzi cha code 75 ndi poyinti imodzi, mukankhepo ndi dzanja chilichonse muli nacho. Ngati zambiri zikugunda, khalani pa code 100. Mukaipaka utoto wa dzimbiri m'mbali n'kuthira timiyala, kutalika kwake sikuonekanso kwenikweni.

Mawilo a mabogi amasinthika mosavuta. Pa OO, a mabogi akatundu ndi 12.6 mm, a mabogi okwera anthu 14.1 mm, ndipo ekiselo yodziwika ku Britain ndi ya 26 mm. Ya Lima ndi yaifupi, pafupifupi 24.5 mm, choncho ya 26 mm mukaikakamiza imatanyula chogwirira n'kukana kuzungulira. Mawilo a injini ndi odula kusintha, ndipo kuwapala ndi tupa injini ikuzungulira kumathira tizitsulo m'magiya ndi mumota.

Muyeso wina wofunika kuposa kuya kwa mlomo ndi mpata wa pakati pa misana ya mawilo awiri a ekiselo imodzi. Pa njanji za zitsulo ziwiri za masiku ano uyenera kukhala 14.4 mm mpaka 14.5 mm, pa Märklin ndi pafupifupi 14.0 mm. Ukachepa, misana ya mawilo imapanikiza tizitsulo tolondolera ta papoyinti n'kukwera pamwamba. Ukakula, mlomo umagunda nsonga ya frog, pamene zitsulo zimapingasana, n'kulowera njira yolakwika. Gwirani mawilo onse awiri, mupotoze uku mukukoka kapena kukankha pang'ono, muyeze, mubwereze. Wilo likamasuka pa ekiselo, dontho limodzi la guluu wamphamvu limaligwira.

Mawilo atsopano opyapyala nawonso amavutika pa mapoyinti a Setrack, amene mipata yake ndi yotakata. Ngati akugunda nsonga ya frog pamene muyeso wawo uli wolondola, matani kamzere ka plasticard ya 0.25 mm pankhope ya kachitsulo kolondolera, mbali yoyang'ana chitsulo chakunja, kuti kakokere wilo kutali ndi nsongayo.

R2 ya uyu si R2 ya uyo

Makhota a Hornby ndi Peco Setrack ndi ofanana: radius ya 371, 438, 505 ndi 572 mm, ndipo mizere iwiri yoyandikana imatalikirana 67 mm kuchokera pakati kufika pakati. Piko A imayambira 360 ndi 422 mm, Fleischmann Profi 356.5 ndi 420 mm. Pa Roco Line, khota lotchedwa R2 ndi 358 mm basi. Ndiye bokosi la injini ya Hornby likanena kuti ikufuna radius yachiwiri, likunena 438 mm, ndipo pa R2 ya Roco injiniyo ikhoza kugwa. Muziwerenga mamilimita, osati dzina la khota.

Musasakanize makhota a makampani awiri m'bwalo limodzi n'kukankha nsonga kuti zikumane. Zidutswa za Hornby zimakhota 22.5° kapena 45°, zambiri za ku Germany 30°. Zolumikizira zimalola kukakamiza koteroko, koma pamatsala kangodya kamene maso sakaona muli chiimire. Tsitsani diso lifike pa msinkhu wa chitsulo muyang'ane motsata njanji, mukaona. Potsekera mpata wotsala dulani kachidutswa ka njanji yopindika, ndipo kasachepere 100 mm, poti kachidutswa kakafupika sikagwira khota. Mapulogalamu a pakompyuta a AnyRail, SCARM ndi XTrackCAD ali ndi miyeso ya njanji za makampani onsewa, ndipo amasonyeza mpata wotsala musanadule kanthu.

Ngakhale Peco yokhayokha ili ndi mabanja awiri osagwirizana pamapoyinti. Poyinti ya Setrack imapatuka 22.5° n'kupereka mpata wa 67 mm. Ya Streamline imapatuka 12° n'kupereka pafupifupi 50 mm. Powolokera kuchoka mzere wina kupita unzake, mapoyinti awiriwo akhale a banja limodzi. Ambiri amakonda makhota a Setrack kumapeto kwa tebulo ndi mapoyinti a Streamline pa siteshoni, ndipo n'zabwino ndithu, bola mzere umodzi usendere ndi 17 mm pang'onopang'ono, pa njanji yopindika ya 500 mm kapena kuposa. Musalowe m'khota la 438 ndi 505 mm muli ndi mpata wa 50 mm: mabogi aatali amatulutsa mphuno kunja ndi mimba mkati, ndipo sitima ziwiri zikakumana pamenepo zimagundana. Kachida ka Peco SL-36 kamayeza mipata yonse iwiri.

Mawaya

Mapoyinti a Hornby ndi Peco Insulfrog ali ndi frog yapulasitiki, ndipo amapereka magetsi ku njira yokhayo imene yatsegulidwa. Electrofrog ili ndi frog yachitsulo imene imasintha mbali ya magetsi poyinti ikatembenuka. Mukaika Electrofrog m'malo mwa poyinti ya Hornby osasintha kanthu, shoti imabwera nthawi iliyonse imene magetsi akulowera kuchokera kumbuyo kwa frog. Ikani zolumikizira zapulasitiki pa zitsulo ziwiri zamkati zochokera pa frog, SL-11 pa code 100 kapena SL-111 pa code 75, ndipo njanji za kutsogoloko muzipatse mawaya akeake.

Paliponse pamene mitundu iwiri ya njanji yakumana, wotchererani waya kumbali zonse ziwiri, kunkhope yakunja kapena kunsi kwa chitsulo, mutsitsire ku mawaya aakulu a pansi pa tebulo. Musadalire cholumikizira kunyamula magetsi pamalo oterewa. Kuti musasokoneze mbali, matani tepi yofiira kumbali imodzi ya bogi, muliyendetse mzere wonse osalinyamula. Chitsulo chili kumbali ya tepi chimalandira waya wofiira.

Osamukira ku DCC aone zidutswa zolowetsera magetsi. Hornby R8206 ili ndi capacitor mkati yoletsa kusokoneza wailesi, ndipo capacitor imeneyo imasokoneza uthenga wa DCC: injini imachedwa kumva kapena kuthamanga yokha. Tsegulani kabokosiko mudule capacitor, kapena gulani R8241. Mapoyinti a Hornby amafuna timawaya ta R8232 kuti njira zonse zikhale ndi magetsi nthawi zonse. Ngati choyendetsera cha DCC chikuzima injini ina ikamadutsa pa Insulfrog, wilo lake lalikulu m'lifupi likukhudza zitsulo ziwiri pamene zayandikana kuseri kwa nsonga yapulasitiki. Pakani vanishi wa zikhadabo pa mamilimita awiri kapena atatu a zitsulozo. Amatha ndi nthawi, mudzapakanso.

M'banja la Märklin

Njanji za M za tsinde lamalata, za K zimene zinabwera mu 1969, ndi za C za mu 1996 zimagwirizana pamagetsi koma nsonga zake sizilowana. Zosinthira zilipo, zonse zotalika 180 mm: 24951 ya C ndi M, 24922 ya C ndi K, 2291 ya K ndi M. K ilibe tsinde, ndiye imafuna choyala cha pafupifupi 5 mm kuti ifike pa C. Pa kakhotedwe, C imatsata M: 360 ndi 437.5 mm, mpata wa 77.5 mm. K ili ndi 360 ndi 424.6 mm, mpata wa 64.6 mm, choncho mizere iwiri yosamuka pamodzi kuchoka pa C kupita pa K iyenera kusendera. Makhota a M a nambala 5120, a 286 mm, asiyireni tiinjini tating'ono. Trix C imafanana ndi Märklin C m'maonekedwe ndi m'kakhotedwe, koma ndi ya zitsulo ziwiri. Kuigula n'kosavuta kusiyana ndi kudula timilatho tolumikiza zitsulo ziwiri zakunja pansi pa Märklin C chidutswa ndi chidutswa, ntchito imene imakanika pamapoyinti.

N, ndi njanji za kwathu

Pa sikelo ya N, ya mpata wa 9 mm, pali msampha umodzi. Code 55 ya Peco kwenikweni ndi chitsulo chachitali chimene phazi lake lakwiriridwa m'mitanda, ndiye imalumikizika ndi code 80 ndi SL-310 wamba, n'kungopala pang'ono, ndipo imalola mawilo a milomo yaitali. Code 55 ya Atlas ndi yaifupidi, mawilo akale amagunda. Kato ili ndi chidutswa 20-045 cholumikizira Unitrack ndi njanji wamba za code 80.

Wofuna kupanga siteshoni ya Limbe, Nkaya kapena Kapiri Mposhi akumbukire kuti njanji za ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ndi za 1,067 mm. Pa sikelo ya 1:87 zimenezi ndi 12.3 mm, ndiye njanji yoyandikira ndi ya 12 mm ya H0m, yopangidwa ndi Peco, Bemo ndi Tillig. Ya sikelo ya TT ilinso 12 mm koma mitanda yake ndi yaing'ono ndi yothithikana. Timasitima ta South African Railways timene Lima inapanga timayenda pa 16.5 mm wamba. Mipata iwiriyi siilumikizika; chimene chilipo ndi njanji ya Tillig ya zitsulo zitatu, yonyamula H0 ndi H0m pamodzi.

Kuyesa

Musathire timiyala ndi guluu mpaka sitima zitayenda masiku angapo, otentha ndi ozizira omwe. Yambani ndi bogi lopepuka koposa, mulikankhe ndi chala podutsa polumikizira paliponse, mbali zonse ziwiri. Chala chimamva kugunda kumene diso laphonya. Kenako yendetsani injini yaifupi ya mawilo anayi pang'onopang'ono kwambiri, poti ndiyo imaima paliponse pamene magetsi akudukiza. Pomaliza kankhani chammbuyo mabogi aatali angapo kudzera m'mapoyinti. Pamene china chagwa matani katepi pambali pa njanji, ndi kena pa bogi lagwalo. Timatepi tikachuluka pamalo amodzi, bwererani ndi rula ndi vernier pa njanjiyo. Tikachuluka pa bogi limodzi, yezani mpata wa misana ya mawilo ake, ndipo onaninso ngati chokokera chake sichikulendewera n'kukodwa pa zitsulo zopingasa za poyinti.